Makobidi oboola a m'kachitini ka agogo, anaboola ndani?

Funso lachokera kwa achemwali ena a ku Mufakose. Akuti: "Agogo aamuna anatisiya chaka chatha, anabwera kuno ku Halale kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata osabwereranso. Pokonza m'nyumba tapeza kachitini pansi pa tiranki, muli ndalama zachitsulo zakale 7, zonse zoboola. Zitatu zili ndi njovu, imodzi yoyera yalembedwa Southern Rhodesia 1937, ina East Africa 1942, kenako katiki ka 1940 kobooledwa m'mphepete ndi chikhobidi china chachikulu chakuda chopindika. Azakhali akuti agogo ankaboola okha, ndi zamankhwala, tikataye kumtsinje. Mlongo wanga naye wamva mtauni kuti ndalama zoboola zimagulidwa madola masauzande. Zoona zake ndi ziti, mabowowa anabwera bwanji?"

Achemwali, choyamba pepani ndi maliro a agogo, Mulungu akutonthozeni pabanja ponse. Ndipo zikomo kuti mwajambula mbali zonse ziwiri za ndalama iliyonse, ambiri amangotumiza mbali imodzi nde munthu umavutika kuthandiza. Ndiyambe ndi yankho lenileni kuti mtima ukhale pansi, pa ndalama 7 zanuzo zisanu zinatuluka ku fakitale zili zoboola kale, agogo sanazikhudze ndi msomali olo pang'ono, boma ndi lomwe linafuna kuti zikhale choncho. Ziwiri zokha, katiki (kandalama ka makobidi atatu) ndi chikhobidi chakudacho, ndi zomwe zinabooledwa ndi dzanja la munthu, ndipo pa zifukwa zosiyana kutalitali. Chonde musataye kalikonse kumtsinje.

Ine ntchito yanga kuyambira unyamata ndi ya zitsulo, kudula, kuboola, kupala, ndipo makobidi ndinayamba kutolera chifukwa cha bambo anga omwe anachokera ku Dedza nkudzakhazikika ku Highfield, nde ndikaona bowo pa chitsulo ndimafuna kudziwa kuti chinalowapo ndi chani komanso chinalowera mbali iti. Njira yake siyovuta, inunso mutha, bola kudekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Choyamba kuyang'ana ndi ichi: kodi chithunzi cha pa ndalamapo chikulizemba bowolo, kapena bowo ladula chithunzi? Tengani limodzi la njovu lija mutuluke nalo panja pa dzuwa. Njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, zayang'anizana, chisoti chachifumu chili pamwamba pawo, ndipo bowo lili pakati ndendende, silinadye mwendo kapena mimba ya njovu iliyonse. Zilembo nazo zazungulira bwinobwino osaduka olo chimodzi. Wojambula ndalamayo anasiyiratu malo a bowo asanayambe nkomwe kujambula njovuzo. Kenako sanjikizani atatu onsewo musuzumire, muona mabowo alingana ngati ndi kapaipi kamodzi, kukula kofanana, khoma lake lowongoka losalala. Munthu wa hamala ndi msomali sangathe zimenezo katatu konse, ameneyo ndi makina basi.

Makobidi a njovuwa ndi a nthawi ya Chitaganya, chija cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinayamba 1953 nkutha kumapeto kwa 1963, chomwe makolo athu kumudzi anachikana ndi mtima wonse. Ndalama zake zachitsulo zinayamba kutuluka 1955, zinkasulidwa ku Royal Mint ku London nkubwera pa sitima. Khobidi ndi la mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina pang'ono kuti ulimbe, mulifupi mwake ndi mamilimita 27, ndipo mng'ono wake hafupeni nayenso ndi woboola koma iye ali ndi akadyansonga awiri mmalo mwa njovu. Makobidi 12 ankapanga sheleni imodzi, 240 nde paundi. Khobidi lomwelo umagulira nalo mtedza ku Limbe, ku Ndola, kapena pa Musika ku Mbare kuno, nde tayang'anani dzina la Nyasaland lomwe lalembedwapolo, munthu ngati agogo anu amene anasiya kwawo nkukhala mchona, kusunga ndalama yolembedwa dzina la dziko lakwawo ine sizikundidabwitsa ayi. Bambo anga nawo anali nawo awo mu kathumba ka fodya. Chitaganya chitatha Zambia inapitirizako khobidi loboola mu 1966, kuno ku Rhodesia, lero Zimbabwe, ndalama zinasintha nkukhala madola ndi masenti mu 1970, ku Malawi kwacha ndi tambala zinabwera 1971, makobidi oboola nkutha ntchito.

Tsopano bwanji boma linkafuna bowo? Apa ndi pomwe yoyera ya 1937 ija ikutithandiza kwambiri, ndipo pa zonse zanu imeneyo ndi imene ine ndaikonda. Si siliva, ngakhale ikuoneka mbee, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Southern Rhodesia inayamba kupanga khobidi ndi hafupeni zoyera chonchi mu 1934, zili ndi duwa la rozi lovekedwa chisoti ndipo bowo ndi lomwe lili pamtima pa duwalo, ndipo ndalama zimenezi zinkayendanso ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia Chitaganya chisanabwere nkomwe. Nde taganizani, khobidi loyera la mamilimita 27, pomwe ndalama ya masheleni awiri nayo ndi yoyera ndipo yangoliposa ndi kamilimita kamodzi ndi theka basi. Ina ndi khobidi limodzi, inayo ndi makobidi 24. Mu sitolo ya pa famu madzulo, nyali ya koloboyi, munthu wokalamba maso akuvuta kapena sanapite ku sukulu, kusokoneza ziwirizi kunali kosavuta ndipo woluza amakhala wosauka nthawi zonse. Bowo linathetsa zimenezo, chala chokha chimakuuza ndalama ili mthumba osaitulutsa. Mu 1942 nkhondo ili mkati nikelo ankafunika ku zida, makobidi anasintha nkukhala ofiira a mkuwa, koma bowo linatsala poti anthu anali atalizolowera.

Chifukwa chachiwiri ndi chingwe. Zovala za anthu ambiri nthawi imeneyo zinalibe matumba, munthu wavala nsalu yomanga mchiuno kapena paphewa, malipiro ake ndi a timakobidi, aika pati? Nde ankatunga pa chingwe ngati mikanda nkumanga mchiuno kapena mkhosi mkati mwa chovala, ndipo kuwerenga kumaphwekanso, 12 mfundo, 12 mfundo, wadziwa kuti masheleni ndi angati. Mu Africa muno Angerezi anayamba zimenezi mu 1907 ku West Africa ndi ku East Africa, komwe anatulutsa tindalama toboola ta aluminiyamu, ta ku West Africa tili ndi nyenyezi ya nsonga 6 kuzungulira bowo, ndipo madera ena kumeneko anthu anali atazolowera kale kugula zinthu ndi tizigoba ta m'nyanja totunga pa chingwe, nde ndalama yoboola inangolowa pa malo pa zomwe ankadziwa kale. Taganizirani anthu athu omwe ankayenda pansi masabata angapo kudzera ku Tete ndi ku Mutoko kubwera kudzafuna ntchito, mtolo pamutu, kuwoloka mitsinje, ndalama ya pa chingwe siimagwa munjira.

Pali chachitatu chomwe anthu amakonda kutchula, chakuti bowo limapulumutsa chitsulo. Ndi zoona kwina, ku India kuyambira 1943 anapanga ndalama yotchedwa pice ya bowo lalikulu zedi moti imangooneka ngati mphete yophwatalala, chifukwa mkuwa unkasowa pa nkhondo. Koma pa athu a njovuwa tayezani nokha ndi rula, bowo ndi laling'ono, chitsulo chochokapo ndi ngati gawo limodzi pa magawo 20. Pa makobidi mamiliyoni chimachuluka inde, koma ine ndimaika chifukwa chimenechi pambuyo pa ziwiri zija.

Mwaona kuti pa zisanu za ku fakitalezi palibe nkhope ya mfumu kapena mfumukazi? Dzina lokha ndi chisoti. Sakanalola kuti bowo lidutse pa tsaya la Elizabeth kapena George, nde anangochotsa nkhopeyo. Zimenezi zinabala chinthu china chosangalatsa, mu 1936 Edward VIII anakhala mfumu ya England miyezi yosakwana 12 nkusiya ufumu, ndalama za nkhope yake sizinafike mmanja mwa anthu ku England komweko, koma ku East Africa, West Africa, Fiji ndi New Guinea zoboola zolembedwa dzina lake zinatuluka nkuyenda m'misika, poti sizinkadikira chithunzi. Komanso pa yanu ya 1937 muwerenga kuti King Emperor, liwu lachiwirilo linali la ufumu wake ku India, India atalandira ufulu mu 1947 linachotsedwa pa ndalama zotsatira, nde ngakhale chaka chitafufutika mawu okhawo amakuuzani nyengo yake.

Ya East Africa 1942 ija ndi 10 cents, zomwe zazungulira bowozo ndi minyanga ya njovu. Inkayenda ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Zanzibar, komwe sheleni yawo inali masenti 100, ndipo kuno sinagulepo kanthu. Nde inafika bwanji mu chitini cha munthu wa ku Ntcheu? Chaka chakecho chikundipatsa maganizo. Amuna ambiri a ku Nyasaland analembedwa usilikali wa King's African Rifles, uja timati Keyala, pa nkhondo yachiwiri, ankadutsa ku Kenya popita ku Ethiopia, Madagascar mpaka Burma, ndipo pobwerera ankabwera ndi tinthu ngati timeneti mthumba. Afunseni azakhali ngati panali mkulu wawo wa agogo kapena amalume awo amene anapita ku Keyala, mwina muyamba nkhani yomwe simunaimvepo.

Ndipatuke pang'ono, poti nzeru ya bowoyi si ya Angerezi. Ku China anakhala ndi ndalama zamkuwa zozungulira za bowo la folokona kwa zaka zoposa 2000, kuyambira nthawi ya Qin Shi Huang amene anagwirizanitsa dzikolo mu 221 BC mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zawo sankachita kudinda ngati zathuzi, ankasungunula mkuwa nkuthira mu chikombole, nde zimatuluka ndi timinga m'mphepete. Ankazitunga zambirimbiri pa kamtengo ka folokona kuti zisamazungulire, nkupala zonse pamodzi ndi tupa, ine monga munthu wa zitsulo ndikaganiza zimenezi ndimagoma, ndi nzeru ya pa benchi yeniyeni. Akatero nkuzitunga pa chingwe, chingwe chathunthu chimawerengedwa ndalama 1000. Zina mwa izo zinapezeka mpaka ku gombe la kuno kwathu, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, njira yomweyo yomwe mbale za ku China zinadzera kufika ku Great Zimbabwe. Lero lomwe Japan ili ndi 5 yen ndi 50 yen zoboola, Denmark ndi Norway nawonso ali nazo zawo, makamaka kuti anthu azisiyanitsa msanga, osaona omwe.

Tibwere pa katiki, apa nde pofunika kukhala pansi. Tiki ndi makobidi atatu, kandalama kakang'ono ka mamilimita 16, kanu ka 1940 kali ndi nsonga zitatu za mikondo mbali imodzi ndi mutu wa George VI mbali inayo, ndipo ndi siliva weniweni poti ma tiki a kuno anasiya kukhala ndi siliva kuyambira 1947. Tiki sinatulukepo ku fakitale ndi bowo. Pa chithunzi chanu bowolo lili m'mphepete, ladya chilembo, ndipo lili pamwamba penipeni pa mutu wa mfumu. Malo amenewo sanangochitika, wobooolayo ankafuna kuti ikamalendewera mutu uziima chilili osati chadodolido. Munthu wongofuna kuwononga kapena kuyesa ngati ndi siliva saganiza zimenezo.

Tsopano kagwireni ndi zala, muyendetse chikhadabo mozungulira bowo mbali zonse ziwiri. Msomali sumachotsa chitsulo, umachikankhira kutsogolo, nde mbali yomwe unalowera pamakhala polowa pang'ono ngati kambale, mbali yotulukira pamatukuka kamlomo. Dirilo ndi yosiyana, imadula nkutulutsa tizipalapala, bowo lake limakhala lozungulira bwino khoma lowongoka, nthawi zina mkati muli timizere tozungulira, ndipo ndalama siipindika. Pa kanu ndikuona kambale kaja mbali ya mutu wa mfumu, kuseli kuli kamlomo koma kophwanyidwa, ndiye kuti munthu anakagoneka pa thabwa mutu uli mmwamba, anamenya ndi kamsomali kakang'ono, kenako nkukatembenuza nkusalaza kamlomoko ndi hamala kuti kasamakande khungu kapena kudula chingwe. Munthu wosamala ameneyo, ankaganizira thupi la wovalayo.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi maonekedwe a bowolo. Silozungulira ayi, latalikira chakumtunda ngati dontho la madzi, ndipo kachitsulo kotsala pakati pa bowo ndi mphepete kaonda nkusalala kuti see. Siliva ndi wofewa, chingwe chimamudya pang'onopang'ono munthu akamayenda, koma kuti afike pamenepo si nkhani ya mwezi kapena chaka, ndi zaka zambiri. Mbali ya mikondo yaperepeseka kuposa ya mutu, ndiye kuti ndi yomwe inkakhudza thupi kapena chovala. Mkati mwa bowo ndi mwakuda mofanana ndi m'mizere ya zilembo, kusonyeza kuti bowolo ndi lakalekale, bowo latsopano mkati mwake mumawala kuti waliwali ngakhale ndalamayo ikhale yakuda. Mukakhala ndi foni ya kamera yabwino jambulani pafupi nkukulitsa chithunzicho, zonsezi muziona nokha.

Nde azakhali sakunama kotheratu, ndipo musawanyoze. Anthu athu ankamangadi tindalama pa mkuzi wa mwana kapena pa mkono, pamodzi ndi mkanda kapena mphinjiri, pofuna kuti mwana akule bwino, atetezeke. Ena ankangovala ngati chokongoletsera, ena pa tcheni cha wotchi, ena mnyamata akamanyamuka ulendo wautali mayi ake kapena bwenzi lake amampatsa kuti azikumbukira kwawo. Si ife tokha, mafumu a ku England ankapatsa odwala zotupa za mkhosi ndalama yagolide yoboola kuti avale pa kansalu mkhosi pokhulupirira kuti achira, mwambo umenewu unatha ndi mfumukazi Anne amene anamwalira 1714. Ku Ethiopia ndi ku maiko a Aluya amayi akhala akuvala ndalama zasiliva za nkhope ya mfumukazi Maria Theresa wa ku Austria ngati mikanda. Koma kunena kuti ndi zokhwimira kapena zopweteka anthu, pa chitsulopo palibe umboni umenewo olo pang'ono, umboni ulipo ndi wakuti wina anavala katikika pathupi kwa zaka zambiri ndipo wina anakasunga mpaka imfa. Kumbukiraninso kuti tiki yoboola wa sitolo amatha kuikana, nde amene anaboolayo analolera kutaya makobidi atatu nthawi yomwe khobidi limodzi linkagula chinthu. Zimandiwawa ndikamamva akuluakulu athu omwe anavutika m'mafamu a fodya ndi m'migodi akunenedwa zaufiti atamwalira chifukwa cha tinthu tomwe ife adzukulu sitikutimvetsa, kuno ife a Chinyanja tanenedwa kale zokwanira ndi anthu ena, tisamawonjezere tokha.

Pamenepa ndionjezere mawu amodzi kwa amayi omwe akuwerenga, zomanga khobidi pa mchombo wotupa wa khanda zija sizithandiza, mchombo wotero nthawi zambiri umabwerera wokha mwana akamakula, khobidi limangosunga litsiro nkuyambitsa zilonda, ndipo chingwe mkhosi mwa khanda ndi choopsa. Mchombo ukakudetsani nkhawa pitani naye ku kiliniki.

Chikhobidi chakuda chopindikacho nkhani yake ndi ya ntchito basi. Ndi peni ya ku Britain, yokulirapo kuposa athu, mamilimita 31, ndipo mayi wakhala pansi atagwira chishango amene akuoneka mwa apo ndi apoyo ndi Britannia. Ndalama za ku Britain zinkayenda kuno athu asanabwere komanso pambali pa athuwo. Ilo silinapangidwe ndi bowo, nde onani mmene bowo lang'ambira chithunzi pakati penipeni, milomo yake yong'ambika ngati maluwa, palibe amene anavutika kusalaza. Khobidi lonse lalowa mkati ngati mbale, ndipo kuzungulira bowo pali chidindo cha mutu wa msomali waukulu ndi dzimbiri lofiira. Mkuwa suchita dzimbiri lofiira, umada kapena kubiriwira, nde lofiiralo lachokera ku chitsulo china chomwe chinakhala chitaupanikiza nthawi yaitali pa mvula. Ameneyu anali washala, achemwali, wa pansi pa msomali wa malata kapena wa pa chitseko, kuti msomali usabowoleze. Ndalama ikatha ntchito imasanduka kachitsulo kabwino kosadyeka ndi mvula, ndipo mpaka lero mukapita ku Magaba ku Mbare muona amisiri sataya kachitsulo kalikonse kophwatalala. Ine ndinachotsapo awiri otere pa denga la kachimbudzi kakale kwathu ku Highfield, anali atagwira malata zaka zonsezo osadontha.

Mabowo ena omwe mungakumane nawo mukayamba kuyang'ana za anzanu ndingotchula mwachangu. Awiri kapena anayi pakati, limenelo linali batani la jekete, kapena choseweretsa cha ana chija timapanga ndi chitsekerero cha botolo chophwanya, kutunga chingwe nkumakoka chikulira kuti vuu vuu. Ndalama yokumbidwa m'munda imatha kubooka yokha ndi nthaka, bowo lake silikhala ndi shepu, m'mphepete mwake mopyapyala ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi, ndipo ndalama yonse imakhala ya zipsera. Eni masitolo akale akagwira ndalama yabodza ankaikhomera pa kauntala kuti isayendenso. Zoti chipolopolo chinaboola khobidi mthumba la msilikali zimakambidwa kwambiri koma chipolopolo chimapinda nkung'amba ndalama yonse, sichisiya kabowo kaukhondo. Ndipo boma lenilenilo linaboolapo ndalama za eni ake, ku New South Wales ku Australia mu 1813 bwanamkubwa Lachlan Macquarie anatenga madola asiliva a ku Spain 40,000 nkulamula kuti achotsedwe pakati, mphete yotsalayo ikhale masheleni 5, kapakatiko kakhale makobidi 15, ndalama imodzi nkubala ziwiri, komanso amalonda a pa sitima asiye kuzitulutsa mdzikomo. Zimenezo nde zodula zedi lero, ndipo ndikuganiza kuti nkhani ngati zimenezi ndi zomwe zimafika mtauni zitapotoka.

Mlongo wanu muuzeni mosabisa kuti apa palibe masauzande. Makobidi a njovu ndi a rozi anapangidwa mamiliyoni, ali m'zitini zambiri kuyambira ku Mabvuku mpaka ku Mzimba, ndipo loyenda mmanja ngati anuwa pa matebulo a zinthu zakale ngati ku Avondale ndi la dola imodzi kapena awiri, nthawi zina osafika nkomwe. Zobooledwa ndi munthu mtengo umatsikanso, otolera ndalama amaziona ngati zovulala, katiki kangotsala ndi mtengo wa siliva wake yemwe sakwana magalamu awiri. Mulibe golide mkati, mulibe mekyule, sizikoka mpunga kapena singano ngati mmene ena amanenera, ndipo aliyense amene akuti muyambe mwalipira ndalama yoyezera kapena ya mayendedwe kuti akupezereni bwana wogula, ameneyo ndi wakuba, anthu alira nazo zimenezi. Zomwe zimakweradi mtengo ndi khobidi loti silinayendepo mmanja likadali ndi kuwala kwa ku fakitale, kapena lomwe makina analakwitsa, bowo lapita pambali kapena laiwalika osabooledwa nkomwe. Zoterezi zimapezeka mwa apo ndi apo, ndipo apanso muyeso ndi womwe uja, khoma la bowo likhale la makina ndipo mtundu wa mkati ufanane ndi wa kunja. Mukafuna kudzionera nokha lembani dzina ndi chaka cha ndalamayo pa Numista pa intaneti, muona chithunzi, kulemera kwake ndi kuchuluka komwe anapanga.

Chomwe ndikupempheni ndi mtima wonse, musazitsuke. Osati ndi Brasso, osati ndi mandimu, viniga, phulusa kapena mchenga. Ndili mnyamata ndinakwecha khobidi la bambo anga la 1950 ndi phulusa ndi ndimu kuti liwale ndiwasangalatse, linawaladi, koma khungu lake lofiirira lomwe linatenga zaka kupangika linapita tsiku limodzi, timizere ta duwa lija nkusalala, ndipo mpaka lero ndikalitenga mtima umandipweteka. Kuda kuja ndi komwe kumateteza chitsulo, komanso ndi komwe kwatiuza lero kuti bowo la katiki ndi lakale, mukakuchotsa mwafufuta umboni. Ngati pali dothi, madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, kupukuta mosisita ndi kansalu kofewa, kuumitsa bwinobwino, basi. Gwirani m'mphepete osati pankhope. Iliyonse ikhale mu kaenvelopu kake ka pepala pamalo ouma, zisamakhulane mu chitini, ndipo mukaona ina ikutuluka ufa wobiriwira ngati nkhungu muipatule msanga poti imeneyo ikudyeka ndipo chinyezi chimaonjezera.

Mu chithunzi chanu chachitatu, pakona ya chitinicho, ndikuona kachingwe kakuda kopota kali ndi mfundo. Musakataye nako, ndipo musamasule mfundoyo. Kayezeni kutalika kwake ndi rula, ngati ndi kakafupi kokwana mkono kapena chiuno cha khanda mwadziwa kuti tikiyo inavalidwa ndi mwana, ngati ndi kotalika kofika pachifuwa pa munthu wamkulu ndiye kuti mwina ndi agogo eni ake. Kenako Lamlungu likudzali mutenge katiki ndi kachingweko mupite nazo kwa azakhali, muwaike mmanja, muwafunse mwaulemu kuti mwa ana a agogo ndani ankavala chinthu mchiuno ali wamng'ono, ndipo zomwe anene mulembe pa pepala pamodzi ndi dzina la mudzi wa agogo ku Ntcheu ndi mfumu yake, pepalalo mulipinde muike mu chitini momwemo.